Mkamwini Wozimitsa Mfuti

Gervásio sanabwere kwathu dala. Anatsika basi ya ku Malawi nkhondo ili pachimake, ali ndi mabokosi awiri ndi chipewa chachitsulo cha ku migodi ya ku Joni, n'kumafunsa njira ya kwawo ku Chidzolomondo. Ife tinayang'anana, kenaka tinamupatsa mpando. Tinamuuza bwinobwino kuti njira ya ku Macanga anaitchera mabomba okwirira, kuti mudzi wakwawo unatsala phulusa lokha, ndipo abale ake anamwazikana ngati nsabwe za m'chigamba chochapidwa. Iye anamvetsera, anavula chipewa chija, n'kukhala pa bokosi limodzi. Kukhala kwake kunali komweko.

Mudzi wathu wa Nsolomba uli kufupi ndi Tsangano, ndipo chuma chathu chachikulu masiku amenewo sichinali mbatatesi ayi, unali msewu. Msewu wafumbi uja ndiwo malire. Kuno Mozambiki, tsidya lake Malawi. Tinkalima kuno, koma mfuti ikangoti pha kulikonse, lamulo linali limodzi: siya chimene wagwira, woloka. Sitinkafunsa kuti ndi ya matropa, asilikali a boma, kapena ya anyamata akutchire, poti chipolopolo sichinena dzina la mwini wake. Ngakhale mbuzi zathu zinkalidziwa lamuloli, ndipo zinkafika tsidya ife tisanafike.

Munthuyu anali wamfupi, wa khosi ngati ng'ombe ya ngolo, koma kamawu kake kanali kang'ono ngati ka mwana wa mbuzi. Sindikudziwa chimene Rita anamuonamo. Mwina chipewa. Rita anali mwana wa a Terezinha, mayi wamasiye wofulula masese otchuka mpaka ku Ntengo-Wambalame, wa pakamwa pakuthwa ngati lumo latsopano. Poti Gervásio analibe mbale aliyense womuimira pa ukwati, anapempha ine, Paulino, kuti ndikhale nkhoswe yake. Anandinyengerera ndi fodya wa m'chitini. Ndikanadziwa ntchito imene inkandidikira, ndikanapempha ndi chipewa chomwe.

Kwathu mwamuna ndiye amapita kukakhala kwa mkazi, ndipo mkamwini ndi tambala wobwereka: akalira molakwika amabwezedwa kwawo. Komanso mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana pankhope, sakhala mphasa imodzi, salankhulana. Akakumana panjira, wina amapatukira m'udzu. Mawu awo amadzera mwa munthu wachitatu. A Terezinha mwambo umenewu ankausunga ngati mchere wa nthawi ya nkhondo.

Tsono mkamwini amaonekera kumunda. Gervásio anakumba miyala pansi pa dziko zaka zambiri, koma khasu linamukana. Mizere yake inkakhota ngati njoka yomenyedwa, moti madzi a mvula ankasokonezeka kolowera. A Terezinha anapita kukaona mundawo, anabwerako n'kundiitana.

"A Paulino, kodi munatibweretsera mkamwini kapena nkhumba yofukula?"

Pamenepo mpamene Gervásio anatsegula mabokosi aja. M'limodzi munali televizawo, m'linalo munali makina a vidiyo oyendera bateriya ya galimoto, ndi mafita angapo a kanema wa nkhondo ndi nkhonya. Anabwereka nyumba ya kooperativa yosungiramo mbatatesi, imene inalibe zenera ndipo mkati munali bii ngakhale masana, n'kulengeza kuti tsiku la msika kuli kanema. Wopanda ndalama abwere ndi mazira kapena mbale ya nyemba.

Tinadzaza ngati nkhuku m'dengu. Gervásio anapotokola kabatani ka mawu mpaka pamapeto, akuti ndi akunja omwe amve, akhumbire. Poyamba zinayenda bwino. Mzungu wina anali kudya, mzungu wina anali kumukalipira, galimoto inadutsa. Kenaka m'kanemamo chitseko chinatseguka, kunatulukira chimunthu chopanda malaya, zipolopolo zili mbwee pachifuwa ngati chimanga cha mbewu chopachika pa tsindwi, chitanyamula chimfuti chofuna anthu awiri. Chinayamba ntchito.

Ife amkati tinkaona ndi maso kumene phokoso linkachokera, komabe theka linapezeka pansi pa mabenchi. Ine sindinabisale, ndinangowerama kufuna nkhwayira yanga. Koma akunja sanaone chilichonse. Iwo anangomva kuti nkhondo yafika pakati pa msika. Posakhalitsa pamsika panatsala kabichi yekha. Profesoro wa ku sikola analumpha mpanda wa khola umene ng'ombe zinalephera kuulumpha. Wina anathawa ndi sikelo ya mwini, wina anabereka mwana wa mnzake n'kusiya wake. A Terezinha anali ndi mtsuko wa masese pamutu. Anathamanga nawo mpaka kudimba, anaponda m'ngalande yothirira mbatatesi, mwendo n'kuti gwedye. Mtsuko uko, iwo uku.

Enfermeiro wa kuchipatala anaumanga mwendowo, koma sunabwerere mwakale. Kuyambira tsikulo ankayenda ndi ndodo. Za mwendo anakhululuka msanga. Za mowa ayi.

Mlandu unakambidwa m'mawa wina pakhomo pawo. Iwo anakhala m'nyumba kuseri kwa chitseko, ine pakhonde, Gervásio atanyonyomala pambali panga, pafupi kwambiri moti ankamva chilichonse bwino kuposa ine wogontha khutu limodzi. Komabe mwambo ndi mwambo.

"Ankhoswe!"

"Wawa, mayi."

"Afunseni akamwini anuwo ngati nkhondo ya boma yachepa, kuti iwo abweretse yawo ya m'bokosi."

Ndinatembenuka. "Gervásio, akuti kodi nkhondo yachepa?"

"Auzeni amayi kuti ndalakwa."

"Akuti alakwa, mayi."

"Ndamva! Ndinathyoka mwendo, osati makutu."

Iwo ankafuna kuti bokosilo aliphwanye ndi nkhwangwa. Rita ndiye analowa m'nyumbamo, analira, n'kuwakumbutsa kuti sopo amene anachapira nsalu za mwendowo anachokera m'bokosi lomwelo. Kenaka mawu anatuluka pa mng'alu wa chitseko.

"Auzeni kuti kanema wawoyo achite. Koma mfuti ya m'bokosimo ikadzalira kamodzi kokha, ndiimve ndi khutu langali, apinde bulangete lawo azipita ku Chidzolomondo. Rita ndi pakati pakepo atsala pano."

Musaseke. Nthawi imeneyo kuuza munthu kuti pita ku Chidzolomondo kunali kumukumbira manda iye akuona. Nako tsidya, mwamuna wopanda mbale, wopanda khadi la othawa nkhondo, akanangokhala kapolo wa m'minda ya fodya. Gervásio analibe kwina. Anali ndi Rita, ndi mwana amene ankabwerayo, basi.

Wina akanangoonetsa kanema wopanda mawu. Gervásio anayesa, anthu anafuna mazira awo. Ankafuna nyimbo, kulira kwa galimoto, kukuwa kwa akazi, ndi Chingerezi chimene palibe ankachimva koma aliyense ankachimasulira. Anayesa kuonetsa ankhonya okhaokha, aja olumpha madenga, koma anyamata anati zimenezo ndi za ana. Anthu ogona ndi nsapato kumapazi chifukwa cha mfuti ankafuna kuona mfuti. Mutu wa munthu musaufunse.

Choncho Gervásio anaphunzira ntchito imene sindikhulupirira kuti inakhalako kwina kulikonse. Ankakhala pa chitsa pambali pa televizawo, msana kukhoma, zala ziwiri pa kabatani ka mawu. Mawu onse ankamveka, koma mfuti isanalire, iye anali atazimitsa kale. Ikatha, ankakweza. Fita iliyonse yatsopano imene ankasinthana ndi anzake a ku Lizulu ankayamba waionera yekha, mawu ali pansi, mpaka ataisunga pamtima ngati katekisimu. Bateriya inkatha n'kuphunzira kwake. Ankaisenza pamutu kukaidzazitsa moto kuchigayo cha tsidya, n'kubwera kudzaphunziranso.

M'kupita kwa nthawi anayamba kuwadziwa azungu aja kuposa amayi awo. Ankati munthu wa m'kanema sawombera mwadzidzidzi, amayamba walengeza. Akatsinzinitsa maso, yembekeza. Akataya ndudu pansi n'kuiponda, yembekeza. Nyimbo ikaduka, zimitsa. Mfuti zake zonse anazipatsa makhalidwe. Panali pistola ya mkulu wa mbava, yonyezimira ngati mphika watsopano, imene inkakonda kulankhula nthawi yaitali isanalire. Panali mfuti ya mipope iwiri ya alimi a mahatchi, yaulemu, yolira kawiri n'kupumula. Yoipa inali ija ya lamba wa zipolopolo, imene ikayamba sinkadziwa kusiya, ngati mlaliki wa pamaliro. Ndipo sizinali mfuti zokha. Chitseko chomenyetsa, botolo la vinyo lotsegula, tayala lophulika, zonsezo ankazimeza ndi zala, poti khutu la a Terezinha silikanamva apilo.

Pakuti iwo sanasiye nkhaniyo m'manja mwa Mulungu. Tsiku lililonse la kanema ankabweretsa mtsuko wawo pansi pa mtengo wa mapichesi woyang'anizana ndi chitseko, n'kumagulitsa mowa khutu limodzi litaloza kunyumbako. Malonda ankayenda bwino pamenepo, koma mukawafunsa ankati akulondera mudzi.

Tsono nkhondo yopanda mawu inali yosangalatsa mwa mtundu wake. Nyumba zikuphulika, anthu akugwa ngati mapapaya, koma m'chipindamo mukungomva munthu akutafuna nzimbe. Anthu anayamba kuikamo okha mawu, monong'ona. Uyu "ta-ta-ta," uyo "dududu," ndipo mkangano unkabuka pomwepo, chifukwa panalibe mlendo pa nkhani ya kulira kwa mfuti. Woweruza anali Zacarias, amene anakhalapo wa milisiya mpaka anamuchotsa chifukwa chogona pa ulonda.

"Iwe, imeneyo siti ta-ta-ta. Ta-ta-ta ndi akaemi, mfuti ija ya matropa. Iyo ndi yaikulu, imati gu-gu-gu, m'mimba n'kumamveka."

"Nanga bwanji sakusintha zipolopolo, a Zacarias? Chiyambire uja!"

"Ndi dziko lolemera limenelo. Ife ankatipatsa zokwana m'dzanja limodzi, n'kutiuza kuti zikatha tizitukwana."

Mayi wina anafunsa chifukwa chake mnyamata wa kanemayo ankaomberedwa ndi anthu odzaza lole koma osamulasa. Zacarias anati pamenepo pokha kanema sananame, anaziona yekha ku Furancungo. Wina anafunsa za uja wogwira mfuti dzanja lililonse n'kumalumpha chammbali. Zacarias analavula, n'kunena kuti ameneyo akanakhala wa gulu lake akanamutuma kukatunga madzi.

Fita imene Gervásio ankaikonda koposa inali ya kazitape wina wovala jekete, amene mfuti yake ankaivalika kachitsulo kukamwa kuti izingoti fyu, ngati mphaka woyetsemula. Imeneyo ikamaseweredwa, iye ankachotsa dzanja pa kabatani, n'kumasenda mbatatesi yowotcha ngati munthu wa patchuthi. Amayi a mpingo anaikondanso. Mmodzi anati, "Kodi a nkhondo athuwa sangagule tizitsulo timeneti? Aziphana okha mwakachetechete, ife tizigona."

Mwana anabadwa, anamutcha Judite. Gervásio anamera zikang'a pa zala ziwiri zija. Rita anandidandaulira kuti mwamuna wake wayamba kugwira ntchito kutulo.

"Ankhoswe, muwalangize anzanuwa. Galu akangouwa kunja, iwo khutu langa gwi, n'kumalipotokola."

"Nanga galuyo amasiya?"

"Amasiya ndine, kugona!"

Chaka chinatha, china chinayamba, mfuti ya m'bokosi osalira. A Terezinha anayamba kuoneka ngati mlenje amene watchera msampha nyengo yonse n'kumangopeza masamba.

Tsiku limene ndikufuna kukuuzani linali la msika, nthawi yokumba mbatatesi, dzuwa litangopendeka. Fita inali yakale, ija ya chimunthu chopanda malaya, imene Gervásio akanatha kuiyendetsa atatsinzina. Chinatulukira pachitseko paja, iye anazimitsa monga mwa masiku onse, anthu anakonzeka kunong'ona. Chimunthu chinakweza chimfuti chake.

Gu-gu-gu-gu!

M'chipinda monse munati, "Hiii!" Wina anaseka. Wina anakuwa, "Wagona lero Gervásio! Moni ku Chidzolomondo!"

Gervásio anapotokola kabatani, kanali kozimitsa kale. Anapotokolanso ndi mphamvu za kumigodi mpaka kanathyokera m'manja mwake. Mfuti inalirabe. Pagalasi chimunthu chija chinali chitasiya kuombera, chikupukuta thukuta, koma kulira kunkapitirira. Kenaka kunaduka pang'ono, n'kuyambanso. Zacarias anaimirira pang'onopang'ono.

"Abale, iyi ikupumira. Ya m'kanema sipumira."

Chitseko cha nyumbayo chinali cha munthu mmodzi, koma tsiku limenelo chinatulutsa anayi nthawi imodzi. Ine ndinatsalira chifukwa wina anandiponda pamsana, osati chifukwa cha kulimba mtima. Nditadzuka ndinapeza Gervásio wazula mawaya, waika televizawo ndi vidiyo m'thumba la mbatatesi, akulimangirira kumsana. Mfuti zinkamveka cha kumtunda, kumene kunali kampanda ka matropa, ndipo zinkatsikira kwathu.

Tikuti tituluke, pakhomo panada. A Terezinha. Anthu onse ankathamangira kumsewu, iwo okha anabwera mobwerera, ndodo patsogolo, nkhope ikuwala ngati ya mkwatibwi. Ataona mkamwini anatembenuzira nkhope kukhoma, monga mwa mwambo, koma chimwemwe chinkaonekera ndi kumsana komwe.

"Ankhoswe, mulipo? Zakhala bwino. Auzeni bambo a Judite kuti ndamva. Osati kamodzi, ndawerenga mpaka ndatopa. Bulangete lawo lili pachingwe."

"Mayi, imeneyi si ya m'bokosi."

"Musandipusitse, a Paulino. Anthu opusawa athawanso ngati tsiku lija. Ine kawiri ayi."

Gervásio anayang'ana pansi. "Amalume, auzeni amayi aone chimene chili kumsana kwangaku."

Anasuzumira ndi diso limodzi. Bokosi linali m'thumba, mawaya akulendewera, bateriya ili payokha pakona. Kunja mfuti inati ta-ta-ta, ina n'kuyankha. Chimwemwe chija chinatsika pankhope pawo ngati madzi a m'beseni lobowoka. Anayang'ana ndodo yawo, anayang'ana kumene kunali msewu, kuseri kwa minda ndi dambo. Pa mwendo umenewo akanafika mawa.

"Pitani," anatero. Mawu anali aang'ono. "Ine ndakalamba kale. Rita ndamuona, wawoloka ndi mwana."

Ine kunyamula munthu sindikanatha, msana wanga unali utangopondedwa kumene, ndipo a Terezinha sanali munthu wopepuka, mowa wawo ankaulawa okha. Gervásio anagwira chingwe cha thumba lija. M'thumba muja munali zaka zake zonse za ku Joni, munalinso chifukwa chokhacho chimene ankamusungira pamudzi. Anamasula chingwe, anatsitsa thumba bwinobwino ngati muli mazira, n'kulikankhira kuseri kwa mulu wa mbatatesi. Kenaka anabwerera chambuyo mpaka pamene panali apongozi ake, n'kunyonyomala.

"Amalume, auzeni amayi akwere."

"Chiyani? Ankhoswe, afunseni ngati apenga! Ine kukwera pamsana pa mkamwini? Anthu adzati chiyani? Ndife anyani ife?"

"Akuti kodi ndinu anyani?"

"Auzeni kuti ine sindikuona kanthu. Kumsana kulibe maso."

"Auzeni kuti bola ndife!"

Pomwepo china chake chinaboola lata pamwamba pathu, chinasiya kabowo kolowetsa dzuwa. A Terezinha anamasula chitenje chapamwamba, anadziphimba nacho kumutu mpaka kukhosi, anandipatsa ndodo, n'kukwera.

Ndakhalapo nkhoswe ya maukwati ambiri, koma ya liwiro inali imeneyo yokha. Tinadutsa m'munda wa mbatatesi, Gervásio akulumpha mizere, mtolo wophimba kumutu ukudumpha kumsana kwake, ine pambali ndi ndodo, lilime panja. Ndipo pakamwa pa mayi aja sipanatsekedwe ndi chitenje.

"Ankhoswe! Auzeni akundigwedeza!"

"Akuti ukuwagwedeza!"

"Auzeni asandikanyange pakhosi!"

"Akuti musawa..."

"Ndamva! Afunseni munda tikupondawu ndi wa yani."

"Ndi wawo womwe, mayi."

"Ndinadziwa. Mizere yake ikumveka m'chiuno."

Kudambo Gervásio anamira mpaka m'maondo. Anagwa ndi dzanja limodzi, koma katundu sanamugwetse. Kumbuyo kwathu utsi unali utayamba kukwera. Pamenepo ine ndinamva mayi aja akunong'ona pemphero m'chitenje muja, akutchula Rita, akutchula Judite, kenaka atazengereza pang'ono, anati, "ndi uyu wandinyamulayu."

Tinakwera chitunda, tinaponda msewu. Tsidya anthu a mudzi wonse anali ataima m'munda wa chimanga wa eni ake, ndipo onse anaona. Panali anthu olira pamenepo, panali ofunafuna ana awo, komabe ndikukuuzani zoona, kuseka kunamveka. Gervásio anatsitsa apongozi ake pansi pa mtengo, n'kuthawira kuseri kwa chulu ndi manyazi.

Tinabwerera kumudzi patapita masiku. Nyumba zina zinali zitapsa, mbuzi zimene zinachedwa kuwoloka zinapita. Mwana wa a Simão, amene anthu a mfutiwo anamupeza kudimba, anamutenga kukasenza katundu ndipo sanabwererenso. Mpaka lero amake amayang'ana kunjira. M'nyumba ya kooperativa munalibe mbatatesi, munalibe thumba, munalibe bateriya. Anasiya chitsa chokha.

Tsopano Gervásio anali mkamwini wopanda bokosi, wosadziwa khasu, amenenso wagwira thupi la apongozi ake pamaso pa dziko lonse. Alongo awo a Terezinha, akuluakulu a mbumba, anati zimenezi sizinachitikepo, ziyenera kukambidwa. Ena ankati alipe mbuzi, koma mbuzi akanaitenga kuti? Ena ankati ulemu ukathyoka sumangika, munthuyu angopita. Rita anaonda. Gervásio anabwera kwa ine n'kundifunsa ngati njira yodzera ku Dedza ingamufikitse ku Macanga wamoyo. Ndinamuuza kuti akhale pansi.

Tsiku la mlandu tinakhala monga kale, ine pakhonde, iye pambali panga, akuluakulu pa mipando yawo. Tinkadikira mawu a pa mng'alu. M'malo mwake chitseko chinatseguka. A Terezinha anatuluka ndi ndodo yawo, nkhope poyera, anakoka mphasa n'kukhala moyang'anizana ndi mkamwini. Gervásio anafuna kuthawira m'udzu, ine ndinamugwira malaya.

"Achimwene," anatero kwa mlongo wawo wamkulu, "inu munandiberekapo kumsana?"

"Iyayi, mlongo. Munali olemera kuyambira kale."

"Malemu amuna anga anandiberekapo?"

"Sitinaone."

"Chibadwire changa wandibereka ndi munthu mmodzi, mayi anga. Uyu ndi wachiwiri. Tsono ndiuzeni inu odziwa mwambo, munthu amapirikitsa mayi ake?"

Akuluakulu anayang'anana. Mmodzi anatsokomola, wina anayamba kufunafuna fodya m'thumba. A Terezinha anaitana Rita kuti agwire tambala wofiira uja aphike, adye mbale imodzi ndi mkamwini, zopewana zithe. Kenaka anamuyang'ana Gervásio m'maso, koyamba chikwatire mwana wawo, anamuyang'anitsitsa kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kani ndinu oipa nkhope chonchi, amayi? Rita sanandiuze," anatero a Terezinha kwa mkamwini wawo.

Dzina linamera pomwepo. Kuyambira tsikulo palibe anamuitananso Gervásio. Ana, akulu, ngakhale padiri, onse ankati Amake Terezinha. Nkhondo itatha, mlembi wa zitupa anavutika naye, chifukwa mboni zonse zinkalumbira kuti dzina lake ndi limenelo.

Bokosi lina sanagule. Mavidiyo atabwera ambiri pamsika, a majenereta, olira mpaka kumapiri, iye ankadutsa patali, akuti mfuti zaphokoso zilibe luso. A Terezinha anamupatsa dimba lawo la kumtsinje, n'kumakhala pa chulu kumuphunzitsa khasu ndi pakamwa. Mizere inawongoka pang'ono. Ku Chidzolomondo anapitako mtendere utabwera, anapeza mlongo wake mmodzi wamoyo, anamutenga n'kubwera naye.

Koma musaganize kuti anapuma. Munthu amene anakhala zaka osalankhula naye anali ndi mawu ambiri osungira, ndipo tsopano panalibe chitseko pakati. M'mawa, masana, kumunda, kutchalitchi, "Amayi, bwerani kuno! Amayi, mwamanga bwanji mbuziyi?" Dzinja lililonse mtsinje ukadzaza, a Terezinha ankafika pagombe atavala za Misa, n'kuima, n'kumayang'ana kumwamba. Gervásio ankapinda buluku.

Lamulungu lina ndinawapeza ali pakati pa madzi, iye akupenapena ndi katundu wake, imvi zitayamba kale m'mutu. Atandiona anakuwa ndi kamawu kake kaja.

"Amalume! Simungakambe ndi akuluakulu atibwezere mwambo uja?"

"Yang'anani kutsogolo, amayi," anatero a Terezinha, akukweza nsapato zawo m'mwamba. "Pali mwala apo."